Kulowa m'phanga la kuthengo lokhala ndi miyala yonyezimira: malangizo a pang'onopang'ono

Phanga la kuthengo silili ngati mapanga a Sudwala kapena Cango a ku South Africa, komwe kuli masitepe, magetsi ndi munthu wokulondolerani njira. Limene tikunena pano ndi lija mumalimva kwa alenje, ootcha makala kapena anyamata oweta mbuzi: chibowo chakuda pansi pa thanthwe, chimene palibe anachiyezapo n'kuchijambula papepala. Mkati mwake foni sigwira, ndipo mukazimitsa tochi simuona ngakhale chala chanu. Kulowa n'kosavuta, ngakhale mwana angalowe. Ntchito yagona pa kutuluka nonse muli bwinobwino, n'kusiya phangalo monga munalipezera. Choncho makonzedwe onse ayambire kumapeto: tidzatuluka nthawi yanji, kudzera pati, ndipo tikachedwa adzatifunafuna ndani?

Yambani ndi kudziwa mwala wa phirilo

Mtundu wa mwala ndi umene umakuuzani phanga limene mukalipeze, zonyezimira zimene mukaone, ndi ngozi imene ikukudikirani.

Mapiri ozungulira Blantyre, monga Ndirande, Soche, Michiru ndi Mpingwe, ndi a miyala yolimba imene madzi sausungunula. N'chimodzimodzi Mulanje ndi Zomba. M'miyala yotereyi simupeza ngalande zazitali zoyenda makilomita pansi pa nthaka. Mumapeza mapanga a mitundu iwiri: ming'alu imene thanthwe linang'ambika, ndi mipata yotsala pakati pa zimiyala zimene zinagumuka n'kusanjikizana. Mapanga amenewa amakhala aafupi, koma musawapeputse, chifukwa denga lake ndi miyala yongotsamirana.

Miyala yonyezimira ya m'mapiri otere simamera padenga lonse. Imakhala m'timatumba ta m'thanthwe komanso m'mizere yoyera yodutsa m'mwala. Dera lodziwika kwambiri ndi la Zomba ndi Malosa. Mapiri amenewa anapangika zaka zoposa 100 miliyoni zapitazo, pamene mwala wosungunuka unkazizira pang'onopang'ono pansi pa nthaka. M'malo ena munatsala mphako za madzi otentha ndi mpweya, ndipo m'mphakomo miyala inapeza danga lokula mwaufulu, n'kukhala ndi mbali zosalala ndi nsonga. Itatu imene mungaione kwambiri ndi iyi: quartz, wa mbali 6 ndi nsonga kumapeto, woyera ngati galasi kapena wotuwa ngati utsi, aegirine, wakuda bii, wowala, wautali ngati pensulo ndipo wakuthwa moti amacheka khungu, ndi feldspar, woyererako, wooneka ngati tizidina. Ndi yomweyi imene amalonda amayala pamwamba pa phiri la Zomba cha ku Chingwe's Hole.

Mtundu wina ndi phanga la m'mwala wa laimu, mwala uja amaotcha kuti apange laimu ndi simenti, wopezeka m'madera monga Changalume ku Zomba ndi mapiri a Chenkumbi ku Balaka. Madzi a mvula amatenga asidi wochepa kuchokera mumpweya ndi m'nthaka, ndipo kwa zaka zikwizikwi amadya mwalawu n'kusiya mphako. Madzi omwewo akamadontha amasiya kamwala kotchedwa calcite, kamene kamapanga miyala yolendewera kudenga ngati mano ndi ina yomera pansi ngati zulu zazing'ono. Phanga lotere linakumbidwa ndi madzi, ndipo madziwo amabwerera njira yawo mvula ikagwa.

Pali chachitatu chimene si phanga konse, ngakhale anthu amachitchula choncho: maenje okumba anthu ofuna miyala yogulitsa, amene alipo ambiri ku Malosa. Mukaona zizindikiro za tchizulo, milu ya dothi pakhomo, kapena mitengo yochirikiza denga, musalowe. Phanga lachilengedwe lakhala chiimire zaka zosawerengeka, pamene dzenje lokumbidwa chaka chatha silinakhazikike. Ofuna kudziwa miyala ya dera lina lililonse angafunse ku nthambi ya boma yofufuza za miyala, Geological Survey, imene likulu lake lili ku Zomba.

Pemphani chilolezo

Safunsa anadya phula. Phanga lililonse lili ndi eni ake. Ngati lili pamalo a mudzi, yambirani kwa a mfumu, mukhale pansi, mupereke moni mwaulemu, munene amene muli ndi chimene mwadzera, ndipo munenetse kuti simunabwere kudzakumba. Funsani ngati malowo ali ndi miyambo, chifukwa mapanga ena ndi othirirako nsembe, ena munaikidwa maliro, ena ali pafupi ndi dambwe. Akakana, nkhani yathera pomwepo. Akalola, pemphani munthu wa m'mudzimo wokuperekezani ndipo mugwirizane malipiro ake musananyamuke. Iyeyu mumufunse mafunso anayi: kodi madzi amatuluka kapena kulowa pakhomopo nthawi ya dzinja? Mumakhala nyama yanji? Pali njuchi? Alipo anavulalamo?

Ngati phanga lili m'nkhalango yotetezedwa, monga Michiru, Zomba, Malosa kapena Mulanje, chilolezo ndi cha a nthambi ya zankhalango. Ku Mulanje ofesi yawo ya ku Likhubula ndi kumene kumapezekanso olondolera alendo. Kuchotsa miyala ya mtengo wapatali kumafuna chiphaso cha boma cha migodi, ndipo ulendo wokaona phanga sukupatsani ufulu umenewo.

Sankhani nyengo

Kuyambira Novembala mpaka Epulo musalowe m'phanga lililonse limene simukulidziwa. Mvula ingagwe pamwamba pa phiri inu osaimva, ndipo madzi angatseke njira yopapatiza m'mphindi zochepa. Izi ndi zimene zinachitikira anyamata 12 a timu ya mpira ndi mphunzitsi wawo m'phanga la Tham Luang ku Thailand, amene analowa pa 23 Juni 2018, madzi n'kuwatsekera, ndipo omaliza anatulutsidwa pa 10 Julaye, pambuyo pa ntchito ya akatswiri a m'mayiko ambiri. Kunonso tinaona mu Malichi 2023 momwe namondwe wa Freddy anagumulira phiri la Soche n'kukokolola zimiyala kupita ku Chilobwe. Miyala imene yakhala pamalo amodzi kuyambira kale imasuntha nthaka ikakhuta madzi, ndipo kumapiri amene anagumuka ina ikadali yosakhazikika.

Miyezi yabwino ndi Julaye mpaka Okutobala. Mu Juni ndi Julaye chenjerani ndi chiperoni ku Mulanje ndi Thyolo, chimene chimanyowetsa matanthwe n'kubisa njira yobwerera. Mu Seputembala ndi Okutobala vuto ndi moto wa m'tchire: utsi umalowa m'phanga ndipo moto ungakutsekereni pakhomo. Mverani kalosera wa nthambi yoona zanyengo dzulo lake ndiponso m'mawa wa tsikulo.

Anthu ndi pepala lotsala kunyumba

Pitani anthu anayi, osachepera. Chifukwa chake ndi masamu chabe: mmodzi akavulala, wina amatsala naye, awiri amatuluka kukaitana thandizo, ndipo palibe amene amakhala yekha. Oposa 6 amachedwetsana pamalo opapatiza. Wodziwa kwambiri atsogole, wodziwa wachiwiri akhale kumapeto, atsopano pakati. Gulu liziyenda pa liwiro la munthu wofooka kwambiri, ndipo mugwirizane muli panja kuti aliyense akati "tibwerere", nonse mubwerera popanda kumunyoza. Munthu wa mphumu yosagonja ku mankhwala, wa khunyu, mayi woyembekezera, kapena amene chitetezo cha m'thupi mwake chatsika, asalowe, makamaka muli mileme. Mowa ayi, ngakhale pang'ono.

Siyani pepala kwa munthu wodalirika amene sakupita nawo. Palembedwe mayina anu ndi manambala a foni, dzina la mudzi ndi la a mfumu, pamene mwaimika galimoto, malo enieni a khomo la phanga monga foni yakuonetserani muli panja, nthawi yolowa, nthawi yotuluka, ndi nthawi yoti ayambe kuitana thandizo. Mwachitsanzo: kulowa 9 koloko m'mawa, kutuluka 12 koloko, ndipo ikakwana 3 koloko osamva kanthu adziwitse a mfumu, apolisi a m'deralo ndi a zankhalango. Nthawi imeneyi ikhale yoti dzuwa likadalipo. Konzani ulendo wonse poganiza kuti thandizo lidzatenga maola ambiri kuti lifike, ndiponso kuti odzabwerawo adzakhala anthu a m'mudzi, osati akatswiri a m'mapanga.

Katundu

Kuwala ndiye moyo wanu. Munthu aliyense akhale ndi matochi atatu akeake, osati atatu a gulu lonse. Yaikulu ikhale ya pamutu, yomangirira pachisoti, kuti manja onse akhale omasuka. Ya mphamvu ya malumeni (muyezo wa kuwala kwa tochi) 200 kapena 300 ndi yokwanira. Yachiwiri ikhalenso ya pamutu, m'chikwama. Yachitatu ikhale yaing'ono, yokoleka m'khosi mkati mwa malaya, kuti chikwama chikagwera m'ng'alu musatsale mumdima. Tochi ya pafoni musaiwerenge. Zolembedwa pamapaketi a matochi otchipa n'zosadalirika, choncho yesani nokha: ikani mabatire atsopano, iyatseni madzulo, muone maola amene itenge isanayambe kuzirala. Mabatire apadera akulungidwe m'pulasitiki, ndipo phunzirani kuwasintha maso ali chotsinzina.

Chisoti chikhale cholimba, chokhala ndi lamba wa pachibwano. Cha amisiri omanga nyumba chimagwira ntchito ngati mwachiika lamba. Popanda lamba chimagwa nthawi yomwe mukuchifuna. Cha njinga yamoto n'cholemera, chimatentha, ndipo chimatseka makutu pamene mukufunika kumva mwala ukusuntha.

Zovala simufunika kugula zodula. Ovololo ya pakaunjika ku Limbe kapena ku Ndirande ndi yabwino, bola ikhale yopanda zingwe zolendewera zimene zingakole. Mkati valani malaya a nayiloni kapena juzi ya ubweya, chifukwa thonje likanyowa limazizira ndipo siliuma. Jombo za labala zokhala ndi mapazi a mano zimagwira bwino pamatope kuposa nsapato za masewera. Onjezani magolovesi a m'munda, ndi zotchinga mawondo, zimene mungasoke kuchokera ku chidutswa cha siponji yolimba.

M'kachikwama kakang'ono, kopanda matumba a m'mbali, muike madzi okwana malita 2, chakudya chosaphwanyika monga mtedza wokazinga, mbatata yootcha ndi masiwiti, wenzulo, wotchi, kabuku ndi pensulo, tizidutswa ta nsalu yowala tolembera njira, juzi youma yokulungidwa m'pulasitiki, thumba lalikulu la pulasitiki loti mungalowemo kuti mufunde, botolo lopanda kanthu lokodzeramo, ndi masiki otchinga fumbi a mtundu wa N95. Gulu likhale ndi mabandeji awiri otanuka, nsalu zoyera zotsekera bala, pulasitala, sopo ndi panado.

Za chingwe tinene mosabisa. Chingwe cha khonje kapena cha nayiloni cha m'mashopu a zomangira sichinapangidwe kuti chinyamule munthu. Chimaduka pamwala wakuthwa ndipo chimaterera chikanyowa. Chingwe choyenera ndi cha okwera mapiri, chosatanuka, chonenepa mamilimita 10 kapena 11, ndipo cha mamita 15 chimakwanira kugwirira potsetsereka. Kutsikira m'dzenje loongoka monga Chingwe's Hole ndi luso lina, lofuna zida zake ndi maphunziro a maso ndi maso. Malangizo ano sakukuphunzitsani zimenezo.

Pakhomo

Musafulumire kulowa. Khalani panja mphindi 10 mukuyang'ana ndi kumvetsera, popeza zoopsa zambiri zamoyo zimakhala m'mamita oyambirira, pamene kuwala kumafika. Yang'anani m'mwamba ngati njuchi kapena mavu akulowa ndi kutuluka m'ng'alu. Zikakhalapo bwererani, chifukwa pakhomo lopapatiza palibe kothawira. Yang'anani pansi: minga ya nungu, ndowe za mbira, mapazi a fisi kapena a nyalugwe, mafupa atsopano, chikopa chofundula njoka. Fungo la nyama yowola ndi chizindikiro chakuti mwini nyumba alipo. Musapise dzanja m'bowo limene simunaunikemo, chifukwa nsato, mbobo ndi zinkhanira zimakonda mthunzi umenewu.

Kenaka werengani zimene madzi analemba. Zinyalala, masamba ndi timitengo tokanirira m'mwamba mwa khoma zimasonyeza pamene madzi anafika. Zikakhala kudenga, ndiye kuti phanga lonse limadzaza. Onaninso denga: mwala wa mtundu wowala, wopanda ndere, ndi zidutswa zakuthwa pansi pake, zikutanthauza kuti pagumuka posachedwa.

Mileme ndi yofunika kuiganizira mofatsa. Ingakhale yochepa, yongolendewera apa ndi apo, ndipo mungadutse mwakachetechete osaiunika kumaso. Koma mukamva phokoso la mileme yambiri, fungo lobaya m'mphuno, ndipo pansi pali ndowe zake zofika m'kakolo, phanga limenelo lisiyeni. M'ndowe zouma mumamera nkhungu imene fumbi lake likalowa m'mapapo limayambitsa matenda a histoplasmosis. Mileme ikuluikulu yodya zipatso, imene imagona m'mapanga, ndiyo imasunga kachilombo ka Marburg, koyambitsa matenda oopsa ofanana ndi Ebola: anthu anadwala atalowa m'phanga la Kitum paphiri la Elgon ku Kenya mu 1980 ndi 1987, ndipo mu 2008 mlendo wochokera ku Netherlands anamwalira atalowa m'phanga la Python ku Uganda. Masiki amachepetsa fumbi, koma sakupatsani ufulu wokwawa m'ndowe.

Lembani nthawi yolowa. Gawani maola a tochi yanu yaikulu patatu: gawo limodzi lolowera, lina lotulukira, lachitatu losunga. Ulendo woyamba usapitirire maola atatu pansi, ndipo nthawi yobwerera ikakwana bwererani, ngakhale kutsogolo kukunyezimira.

Kayendedwe ka mkati

Mutangolowa mamita ochepa, khalani pansi mphindi zingapo kuti maso azolowere. Poyenda, ziwalo zitatu mwa zinayi zikhale zogwira pamwala nthawi zonse pamene pali poterera kapena pokwera. Musalumphe. Bondo lothyoka panja ndi nkhani ya ola limodzi, koma pansi pa nthaka, kuseri kwa malo okwawa, ndi nkhani ya tsiku lonse ndi anthu makumi.

Pakati pa zimiyala zosanjikizana muzidutsa mmodzimmodzi, ena akudikira pamalo otetezeka, osati pansi pa wokwerayo. Yesani mwala ndi chikhatho musanauponde. Musasolole kamwala kokanirira pakati pa ikuluikulu kuti mukulitse njira, chifukwa kawirikawiri ndi komweko kamene kachirikiza zonse. Mwala ukagwa fuulani kuti "Mwala!", ndipo wapansi asayang'ane kumwamba, aweramitse mutu kuti chisoti chigwire ntchito yake.

Kusochera kumabwera chifukwa phanga limaoneka mosiyana pobwerera. Bowo limene munatulukira mukukwawa limabisala kuseri kwa mwala mukalowa m'chipinda chachikulu. Choncho pamphambano iliyonse imani, tembenukani, yang'anani kumene mwachokera, ikani kansalu kowala kumbali ya kotulukira, ndipo jambulani m'kabuku ndi nambala yake. Aliyense achite nawo, osati mtsogoleri yekha. Tinsaluto mudzatitole pobwerera. Penti, choko, makala kapena mwaye wa kandulo pakhoma ayi.

Pamalo opapatiza vulani chikwama, muchikankhe patsogolo. Ngati njira ikutsika ndipo simukuona kumene ikuthera, lowetsani miyendo poyamba, kuti muthe kudzikoka kubwerera. Kulowetsa mutu potsika ndi kumene kunapha John Jones m'phanga la Nutty Putty ku Utah, m'dziko la America, mu 2009: anakanirira chadodolido kwa maola oposa 24 ndipo opulumutsa analephera kumutulutsa. Thupi limatsetsereka mosavuta kulowa m'mpata wotsika, koma kubwerera chokwera, manja atapanikizika, n'kosatheka. Ngati mpata ukufuna kuti mutulutse mpweya wonse m'chifuwa kuti mudutse, si wanu. Munthu akakanirira, choyamba n'kumukhazika mtima pansi, chifukwa wamantha amapuma mwamphamvu ndipo chifuwa chimakula. Mulankhuleni modekha, apume pang'onopang'ono, muone chimene chakola, kaya lamba kaya thumba, ndipo abwerere njira yomwe analowera, pang'onopang'ono, akusuntha potulutsa mpweya. Musamukoke mwamphamvu.

Mukafika pa dzenje, gonani chafufumimba kuti musuzumire. Kamwala kakang'ono kamakuuzani kuya kwake: kakatenga sekondi imodzi ndi mamita pafupifupi 5, masekondi awiri ndi mamita pafupifupi 20, atatu ndi oposa 40. Lamulo lake ndi lakuti musatsike pamene simungathe kukwera ndi manja ndi miyendo yokha. Madzi akuya kapena njira imene denga lake lakhudza madzi ndi malire a ulendo.

Mpweya woipa suoneka ndipo sununkha. Panja okosijeni amakhala pafupifupi 21 peresenti. M'maenje ndi m'malo otsika opanda mphepo, kumene masamba kapena ndowe zikuwola, okosijeni amachepa ndipo carbon dioxide, amene ndi wolemera kuposa mpweya wamba, amadikha pansi ngati madzi m'beseni. Zizindikiro zake ndi kupuma mwawefuwefu musanagwire ntchito yolemetsa, mutu kupweteka, kutentha kumaso, chizungulire ndi kusokonezeka maganizo. Anthu awiri akamva zimenezi nthawi imodzi, kwerani kubwerera msangamsanga osakambirana. Machesi akamazima atangoyaka, kapena lawi la laita likamadumpha kuchoka pakamwa pake, mpweya wachepa, ngakhale kuti lawi loyaka bwino si umboni wakuti zonse zili bwino. Mnzanu akakomoka pansi pa dzenje, musatsike kukamutenga opanda chokuthandizani kupuma. Umu ndi mmene okumba zitsime amafera awiri kapena atatu pamalo amodzi. Kusonkha moto, mbaula kapena ndudu m'phanga ayi.

Mukafika pa miyala yonyezimira

Apa ndi pamene anthu abwinobwino amawononga. Imani kaye patali, muunike pansi musanaunike khoma, chifukwa zosalimba kwambiri zimakhala pansi: timadamu touma tokhala ndi timiyala tosongoka, ndi kachikhungu kopyapyala ka calcite kamene kamasweka ngati chigoba cha dzira. Sankhani njira imodzi pamwala wopanda kanthu, ndipo onse aponde momwe wapondamo woyamba. Yandikirani mmodzimmodzi, chikwama chitavulidwa. Kumbukirani kuti chisoti chakutalikitsani; miyala yambiri yolendewera imathyoledwa ndi mutu wa munthu amene akutembenuka kuti aitane mnzake. Wina aime kumbuyo azikuuzani kuti "tsitsani mutu, pitani kumanja".

Musakhudze, kaya ndi dzanja kaya ndi golovesi. Mwala wolendewera wa calcite umakula pang'ono kwambiri, kawirikawiri pafupifupi masentimita 10 pa zaka 1,000, ndiye wotalika ngati chala chanu ndi wakale kuposa mudzi uliwonse umene mukuudziwa. Mafuta a pakhungu amapangitsa madzi kuterera osasiya kamwala kake, ndipo pamalopo pamada. Matope a pagolovesi amakutidwa ndi calcite watsopano n'kukhala momwemo mpaka kalekale. Quartz ndi aegirine a m'timatumba ta Zomba ndi Malosa nkhani yake ndi yoposa apa: anakula pamene phiri linali lotentha, ndipo kutenthako kunatha. Mukathyola mmodzi, palibe wina adzamere.

Kuzindikira mtundu wa mwala kumatheka ndi maso. Wa mbali 6 wokhala ndi timizere topingasa pambali zake ndi quartz. Wooneka ngati bokosi lopendekeka kapena ngati dzino la galu, m'mwala wa laimu, ndi calcite. Woyera wopindika ngati duwa kapena wa ulusi ngati thonje, pakhoma louma, kawirikawiri ndi gypsum, mtundu womwe unapanga mizati yoposa mamita 10 m'phanga la Naica ku Mexico, limene linapezeka mu 2000. Ngati mukufuna kutsimikiza, yesani pa kachidutswa kogwa kale panja pa khomo, osati mkati. Chikhadabo chimakanda gypsum koma osati calcite. Mpeni umakanda calcite koma osati quartz, ndipo quartz amakanda galasi. Kadontho ka viniga pa ufa wa calcite kamachita thovu. Mukatha, kasiyeni pomwepo.

Chithunzi chabwino chimatuluka mukazimitsa kuwala kwa kamera. Mnzanu aunike kuchokera m'mbali kapena kuseri kwa mwalawo, foni itsamire pabondo kapena pamwala wopanda kanthu, ndipo mugwire mpweya pojambula kuti nthunzi ya m'kamwa isaphimbe chithunzi. Ikani pensulo pafupi, osaigunditsa, kuti kukula kwake kudziwike. Musanachoke, khalani pansi nonse pamalo otetezeka, zimitsani matochi kwa mphindi imodzi, kenaka muyatse imodzi yokha mochepa. Kunyezimira kumaoneka bwino pa kuwala kochepa kuposa pa matochi anayi olimbana.

Mukapeza zojambula zofiira kapena zoyera pakhoma, mapale, mikanda kapena mafupa a anthu, musazisunthe ndipo musathire madzi pazojambula kuti zioneke bwino. Zoterezi n'zotetezedwa ndi lamulo, monga zilili za ku Chongoni ku Dedza, kumene kuli malo 127 amene bungwe la UNESCO linawazindikira mu 2006. Jambulani, dziwitsani a mfumu, ndipo kanene kunyumba yosungira zakale ya ku Chichiri.

Zikavuta

Mukasochera, imani pomwepo. Khalani pazikwama, osati pamwala wozizira, valani majuzi, siyani tochi imodzi yokha ikuyaka, idyani kanthu. Kenaka awiri abwerere mpaka pa kansalu komaliza, osapitirira pamene mawu a anzawo akumveka. Zikakanika, dikirani, pepala lija munasiya kunyumba likugwira ntchito. Imbani wenzulo ka 6 pa mphindi imodzi, pumani mphindi imodzi, bwerezani.

Kuzizidwa kumapha mwakachetechete, ngakhale kunja kuli dzuwa la Okutobala, makamaka m'mapanga a pamwamba pa Zomba ndi Mulanje. Munthu wonyowa amene wakhala pansi amayamba kunjenjemera, kenaka kulankhula mosamveka ndi kupunthwa. Muvuleni zonyowa, muvekeni zouma, mulowetseni m'thumba la pulasitiki lija mutu uli kunja, mukhale momukhudza, mumpatse shuga ngati akutha kumeza. Wovulala msana kapena khosi musamusunthe pokhapokha madzi kapena miyala zikumuopseza. Bala lotuluka magazi lipanikizeni ndi nsalu mosalekeza. Awiri opita kukaitana thandizo atenge pepala lolembedwa nthawi ya ngozi, chimene chavulala, ngati akulankhula, ndi chojambula cha njira.

Madzi akayamba kuchita matope, kukwera, kapena mukamva mkokomo umene kunalibe, tulukani ngati njira ili yotseguka. Ngati yatsekeka, kwerani pamalo okwera kuposa pamene zinyalala zinafika, mudikire. Musayese kumira kuti mudutse.

Kutuluka ndi masiku otsatira

Ngozi zambiri zimachitika pobwerera, anthu atatopa ndipo akuganiza za nsima. Yendani mofatsa monga munalowera, tolani tinsalu tonse, mabatire akutha ndi zinyenyeswa za chakudya. Werenganani pakhomo. Imbirani munthu wa pepala uja pomwe foni yagwira, asanasonkhanitse mudzi. Dutsaninso kwa a mfumu kukatsanzika.

Zovala zivulidwe pomwepo n'kuikidwa m'thumba. Musazikutumule zili zouma. Zinyowetseni kaye, kenaka muzichape ndi sopo pazokha. Dziyang'aneni thupi lonse ngati muli nkhupakupa. Amene walumidwa kapena kukandidwa ndi mleme, ngakhale kabala kosaoneka bwino, atsuke ndi sopo ndi madzi oyenda kwa mphindi 15 ndipo apite kuchipatala tsiku lomwelo kukafunsa katemera wa chiwewe. Chiwewe chikayamba kuonetsa zizindikiro sichichizika.

Kwa masabata atatu dziyang'anireni. Histoplasmosis imayamba pakati pa masiku 3 ndi 17, ndi kutentha thupi, chifuwa chouma, kupweteka pamtima ndi kufooka, ndipo n'kosavuta kuisokoneza ndi malungo kapena TB. Marburg imatenga masiku 2 mpaka 21. Mukadwala, pitani ku Queen Elizabeth kapena chipatala chapafupi, ndipo musadikire kuti akufunseni. Auzeni nokha kuti: "A dokotala, ndinalowa m'phanga la mileme pa tsiku lakuti." Auzeninso anzanu atatu aja kuti nawonso adziyang'anire.

Zithunzi mungaike pa Facebook, koma chotsani chizindikiro cha malo, ndipo musatchule mudzi kapena kuonetsa phiri limene lili kuseri kwa khomo. Phanga la miyala yonyezimira likadziwika, otsatira amabwera ndi hamala ndi tchizulo. Chojambula cha njira chija chilembeni bwino mukadakumbukira, muikepo tsiku, maola amene munatenga, pamene madzi anafika ndi pamene munabwerera, ndipo mupereke kope kwa a zankhalango kapena a mfumu amene anakulolani.